Marimu Ochokera ku Joni

Ndinaphunzira kuyendetsa galimoto ndili kale ndi imvi, ndipo sichinali chofuna changa. Amuna anga anagwa ndi sitiroko tsiku lina akuchokera ku mzikiti. Atatuluka m'chipatala, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafooka, mawu nawonso atawathawa. Anatsala ndi ochepa chabe: eya, ayi, dzina la Mulungu, ndi ena amene ankabwera lero n'kusowa mawa. Kagalimoto kathu kamene ankanyamulira usipa wouma kupita nawo ku Lilongwe kanangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumagona kunsi kwake. Achipatala anati azibwera ku boma kumafizo, kuti mwendo uzolowerenso kuyenda. Pa kabaza sakanatha kukhala, ndipo kuchoka kwathu kufika pamsewu wa phula ndi mtunda wa mchenga wokhawokha. Ndiye ndinapita kusukulu yoyendetsa galimoto, n'kukakhala pakati pa anyamata a msinkhu wa ana anga.

Ntchito yanga ine ndi yosoka. Makina anga amakhala pakhonde, ndipo tepi yoyezera sichoka m'khosi mwanga. Za galimoto ndinkadziwa zimene anandiphunzitsa basi: giya, buleki, madzi, mafuta. Za matayala ndinkadziwa kuti ndi anayi, ndi lachisanu la sipeya kumbuyo.

Mwana wathu woyamba ali ku Joni, amatsuka magalimoto. Bambo ake atadwala sanathe kubwera chifukwa cha mapepala ake, ndipo ndinkamva m'mawu ake pa foni kuti nkhaniyo imamudya. Tsiku lina, Idi ikuyandikira, anaimba masana.

"Amayi, pitani pagalimoto mundiwerengere nambala zimene zili pa tayala."

Ndinagwada pamchenga, n'kupukuta fumbi ndi m'mphepete mwa chitenje. Zolembedwa zinalipo zambirimbiri, zina zazikulu, zina zazing'ono ngati nyerere.

"Ziti? Pano pali nambala zodzaza."

"Zazikuluzo. Pali R penapake."

"Pali 165, kenako kamzere kopendekera, kenako 70, kenako R14."

"Yomalizayo ndi imene ndimafuna. Nanga manati omangira ndi angati?"

"Anayi. Ukufuna kutani?"

"Muona, amayi."

Patapita masabata angapo anandiimbira anthu onyamula katundu wa ku Joni kuti ndikatenge makatoni anga ku depoti. Titatsegula kunyumba tinapeza marimu anayi, zitsulo zija zimene tayala limavala. Koma awa sanali ngati athu akuda a dzimbiri. Anali owala ngati mapoto atsopano, okhala ndi mizere isanu yotuluka pakati ngati nyenyezi. Anthu oyandikana nafe anabwera kudzaona. Mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali patchuthi kuchokera kusukulu ya unamwino, anawajambula n'kutumizira mchimwene wake.

Amuna anga anali pampando wawo pakhonde. Ndinawanyamulira rimu imodzi n'kuwaikira pamiyendo. Anaiyang'ana, n'kuika dzanja lamanzere pakati pake, pamene pamakhala tayala, atatambasula chala chachikulu ndi chaching'ono. Kenako anapukusa mutu.

"Ayi."

"Ndi mphatso ya mwana wanu, bambo. Watumiza kuti galimoto yanu ioneke bwino pa Idi."

"Ayi. Ayi." Anatambasulanso zala zija, n'kuloza kugalimoto.

Ine ndinaganiza kuti akwiyira mwanayo, kuti m'malo mobwera yekha watumiza zitsulo. Mwana wamkazi anati mwina sakufuna zodzionetsera, poti bambo ake ndi munthu amene ngakhale nsapato zatsopano amayamba wazipaka fumbi asanapite nazo pagulu. Tinawalankhula tonse awiri mowanyengerera. Iwo anayesa kutulutsa mawu ena, koma sanatuluke. Mapeto ake anatembenukira kukhoma.

Mawa lake ndinapita ku boma kwa bambo wina wokonza matayala pafupi ndi depoti, kumene amuna anga ankapita kale. Ndi munthu wamfupi, wamkulu ndithu, wosachedwa kuseka. Ataona marimu aja anaimba mluzu.

"Amayi, mwalemera liti?"

"Ndi mwana watumiza. Mundichotsere matayala pa akalewa, muwaveke pa atsopanowa."

Anachotsa tayala loyamba, n'kuliveka pa rimu yatsopano popanda vuto. Koma atayamba kupopa, mpweya unkangotulukira m'mbali. Matayala athu ndi aja opanda chubu, amene amagwira mpweya pokhapokha milomo yake ikakanirira bwino m'mphepete mwa rimu. Apa milomo ya tayala sinkafika m'mphepetemo, pankatsala mpata woti n'kulowetsa chala. Anapaka sopo, osatheka. Anamanga chingwe kuzungulira tayala n'kumachipotokola ndi chitsulo kuti lifutukuke, osathekabe. Kenako anandiuza kuti ndisunthire kutali. Anawaza petulo pang'ono m'kati mwa tayala, n'kuponyamo machesi oyaka. Kunamveka kuphulika kumene kunandigwetsera chikwama pansi, ndipo tayala lija linakhala m'malo mwake.

"Kodi matayala onse mumawaveka ndi moto?" ndinafunsa.

"Ovuta okha."

"Ili lavuta chifukwa chiyani? Si 14 yomweyo?"

"Ndi 14, eya. Kungoti rimuyi ndi yotambalala pang'ono. Koma musadandaule, anyamata a ku Lilongwe amachita kufuna zoterezi. Ndi sitayilo."

Tayalalo silinkaoneka ngati mmene linalili kale. M'mbali mwake, mmene munali motukuka, tsopano munali mokokeka, mopendekera m'kati, ndipo mlomo wa rimu unatulukira kunja. Kwa ine linkaoneka ngati diresi la mwana limene lavekedwa munthu wamkulu mokakamiza. Ndinanena zimenezo, wokonza matayala n'kuseka.

Pabenchi panali dalaivala wa minibasi amene ankadikira kuti amumatire tayala. Iye anati zimenezi si zabwino, tayala lotere silikhalitsa. Wokonza uja anati waveka ambiri otere ndipo palibe amene anabwerera kudzadandaula. Dalaivala anati mwina sanabwerere chifukwa anapita kwina. Anakangana mwamtendere, monga anthu odziwana, ine ndili pakati. Ndinawafunsa kuti nanga manambala enawo, 165 ndi 70, amatanthauza chiyani.

"165 ndi kutambalala kwa tayala," anatero wokonza matayala.

"Mainchesi?"

"Ayi, mainchesi ndi 14 uja. Awa ndi enaake."

"70 ndi liwiro," anatero dalaivala. "Tayala limeneli musamapitirire nalo 70."

"Bodza limenelo. Ndi kutalika kwake."

"Kutalika 70 chiyani? Yeza tione."

Palibe amene anayeza. Bambo wina wogulitsa zingwe za mphira, amene ankangomvetsera, anati iye anamva kuti ndi mlingo wa mpweya. Ndinabwerera kunyumba ndi mayankho atatu a funso limodzi, ndipo poopa, ndinasankha la dalaivala. Kwa nthawi yaitali ndinkayenda pamsewu wa phula maso ali pa singano ya liwiro kuti isafike pa 70, malole n'kumandiimbira mahutala kumbuyo.

Galimoto inaoneka bwino, zimenezo sindingakane. Pa Idi anthu ankaima kuiyang'ana. Marimu akale ndinawaunjika kuseri kwa nyumba. Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga amene amakazinga nsomba pamsika, anapempha imodzi kuti akapangitse mbaula, ndipo ndinamupatsa ndi mtima wonse. Amuna anga okha ndi amene sanasinthe maganizo. Tikamapita kumafizo ankaima pa ndodo yawo pafupi ndi tayala lakutsogolo, n'kuligogoda ndi ndodoyo, n'kundiyang'ana. Ine ndinkangowatsegulira chitseko.

Kuyenda kwa galimoto kunasintha, koma sindinkadziwa ngati ndi galimoto kapena ndi ine. Mabampu ndinkawamva m'msana kuposa kale. M'mawa wina ndinapeza tayala lakumbuyo litachepa mpweya, ndipo titakalipopa linakhala bwino, kenako linachepanso lina. Wokonza matayala analiviika m'madzi, osapeza pobooka.

Mwezi wotentha kwambiri, mvula isanayambe, kunali sadaka ya malume awo a amuna anga kwa Maganga. Iwo anaonetsa kuti akufuna kupita, ndipo ndinasangalala chifukwa chiyambire kudwala anali asanafunepo kupita pagulu. Tinanyamuka awiriwiri dzuwa litakwera, kumbuyo titaika thumba la mpunga ndi mbuzi yomanga miyendo. Titasiya msewu waukulu tinalowa kanjira ka ngolo, ndipo pamalo ena otsika galimoto inatitimira mumchenga. Ndikaponda mafuta matayala ankangozungulira pamodzimodzi.

Ndinakumbukira zimene amuna anga ankachita tikatitimira kale. Ankatsika, n'kutenga kamtengo ka machesi, n'kukanikiza pa valavu kuti mpweya uchepe, tayala liphwanyike pang'ono n'kugwira mchenga. Ndinatsika n'kuchita chimodzimodzi. Ndili pa tayala lachiwiri ndinamva amuna anga akumenya chitseko ndi dzanja.

"Ayi. Ayi."

"Bambo, si mmene munkachitira inu?"

"Eya." Kenako, "Ayi."

Ndinaima ndi kamtengo kanga m'manja. Eya kapena ayi? Dzuwa linali pamutu, mbuzi ikulira, ndipo panalibe munthu wina woti ndimufunse. Ndinamaliza matayala onse anayi.

Galimoto inatulukadi mumchengamo, ndipo ndinawayang'ana amuna anga monyadira. Tinayenda pang'ono. Pamene kanjira kanakhota pafupi ndi mtengo wa mlambe, ndinapotoza chiwongolero, ndipo kunamveka phokoso ngati munthu waphulitsa jumbo. Galimoto inagwera mbali yakumanzere n'kuima. Nditatsika ndinapeza tayala lakutsogolo litavuka. Silinaphulike, silinang'ambike. Linangochoka pamlomo wa rimu n'kukhala lende, rimu yowala ija itakwiririka mumchenga.

Ndinawatsitsa amuna anga n'kuwakhazika pamthunzi wa mlambe. Nkhope yawo inali itatuwa ndi kutentha, ndipo madzi amene tinatenga anali atafunda. Apa ndi pamene mantha anandigwira, osati chifukwa cha galimoto koma chifukwa cha iwo. Achipatala anali atandichenjeza za dzuwa ndi kuthamanga kwa magazi.

Anayamba kufika ndi amayi atatu ochokera kudambo. Mmodzi anathamangira kumudzi kukatunga madzi ozizira a mumtsuko. Kenako anaima abambo awiri a njinga. Jeke ankangomira mumchenga, mpaka mmodzi anakazula thabwa pa mlatho wa kangalande n'kuika pansi pake. Pamene ankamasula manati, aliyense ankanena zake. Wina anati ndi msomali. Anazunguza tayala lonse, msomali osaupeza. Wina anati matayala a masiku ano ndi achinyengo. Mayi wamkulu pa atatu aja anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti zitsulo zowala chonchi zimakoka maso a anthu, ndipo si maso onse amene ali abwino.

Atatulutsa la sipeya, limene linali likadali pa rimu yakale yakuda, analigoneka pafupi ndi yatsopano ija. Amuna anga anakodola kuti awabweretsere zonse ziwiri. Anaika dzanja pa yakale, chala chachikulu mbali ino, chaching'ono mbali inayo, ndipo zinafika bwinobwino. Anaika pa yatsopano, zala sizinafike. Anachita kawiri, akundiyang'ana.

"Yatambalala," ndinatero. "Akuti yatambalala."

"Eya," anatero amuna anga, n'kutseka maso. "Eya, eya."

Ndinachita manyazi kuti nthawi yonseyi ndinkawayankha za mwana iwo akunena za chitsulo. Komabe sindinamvetse. Wokonza matayala anali atandiuza kale kuti ndi yotambalala, ndipo anati ndi sitayilo. Nanga ngati kutambalala kuli vuto, 14 uja ntchito yake ndi yotani? Kusadaka tinafika anthu atadya kale. Mbuzi inakhala ya mawa lake.

Nditabwerera kwa wokonza matayala ndi tayala lovuka lija, sanakane. Anati mpweya ukachepa, tayala lokokedwa chonchi silikhala ndi mphamvu yogwira mlomo wa rimu.

"Bwanji simunandiuze?"

"Simunandiuze kuti mumachotsa mpweya, amayi."

"Ndiye nditani?"

"Rimu yakula, tayala lachepa. Mugule matayala otambalala. A 195."

Tinapita limodzi kusitolo ina yogulitsa matayala ogwiritsidwapo kale ntchito. Tinapeza awiri olembedwa 195/70 R14. Ndinawerenga ndekha mosamala: 70 yemweyo, 14 yemweyo, chasintha ndi nambala yoyamba yokha. Anawaveka kutsogolo, ndipo ulendo uno sipanafunike moto. Anakhala bwino, m'mbali mwake motukuka ngati mmene tayala liyenera kukhalira. Ndinathokoza Mulungu kuti nkhani yatha.

Potuluka pamalopo ndinakhota kuti ndilowe mumsewu, ndipo kutsogolo kunamveka kukhula, ngati munthu akupala poto. Ndinaima. Ndinayendanso, mowongoka kunali zii. Pokhota paliponse, kukhula. Pa bampu, kukhula. Nditasuzumira ndinaona kuti tayala likukhudza bodi ya galimoto pamwamba pake, ndipo mphira wayamba kale kupalika. Galimoto nayo inkaoneka yodzuka kutsogolo, ngati bwato lolemera kumbuyo.

Ndinabwerera kwa wokonza matayala uja.

"Ndinapempha otambalala. Awa ndi ataliatali."

"Ndi 70 yemweyo, amayi. Onani."

"Ndaona. Ndiye atalika bwanji?"

Anakanda mutu. Anagubuduza lakale n'kuliimika pafupi ndi latsopano, ndipo latsopano linaposa ndi zala ziwiri. Anati matayala a makampani osiyana amasiyana. Kenako anati mwina masipuling'i a galimoto yanga atopa. Kenako anati angathe kumenya bodi ndi hamala kuti pakhale mpata. Ndinakana za hamala.

Kumapeto kwa sabata imeneyo mwana wamkazi anabwera kudzationa. Ndinamufotokozera zonse, ndipo anakhala pakhonde n'kuyamba kufufuza pa foni yake. Bambo ake anali pampando wawo, akumvetsera.

"165 ndi mamilimita, amayi. Kutambalala kwa tayala."

"Chabwino. 14 ndi mainchesi. Tayala limodzi, miyezo iwiri. Nanga 70?"

"70 si mamilimita, si mainchesi. Ndi gawo. Mukatenga kutambalala kuja n'kukugawa pa 100, kutalika kwa m'mbali mwa tayala ndi magawo 70."

"Bwerezanso."

Anabwereza. Anati n'chifukwa chake tayala la 195 linatalika ngakhale 70 sanasinthe, poti magawo 70 a chinthu chachikulu amaposa magawo 70 a chinthu chaching'ono. Zimenezi ndinazigwira kwa kanthawi. Ndinafunsa kuti anthu amene anayambitsa zimenezi analephera bwanji kungolemba kutalika kwake monga timachitira ndi siketi. Anati foni sinanene.

Kenako anati rimu nayo ili ndi nambala zake, zodindidwa kuseri. Tinatenga yatsopano ija ya kwa Maganga, imene ndinali nditaivulitsanso tayala n'kuikapo la sipeya, tinaitembenuza, n'kupeza 14x7J. Tinapita kuseri kwa nyumba, tinapala dzimbiri pa yakale ndi mpeni, n'kupeza 14x5J. Ndiye kuti yakale inali yotambalala mainchesi asanu, yatsopano asanu ndi awiri.

Apa ndinati tsopano zafika pa ntchito yanga. Ndinavula tepi m'khosi n'kuyeza yatsopano kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete. Inakwana pafupifupi mainchesi asanu ndi atatu. Ndinayeza yakale, pafupifupi asanu ndi limodzi. Ndinayeza kukula kwa bwalo lake, kumene amati 14, ndipo tepi inapitirira 15.

"Nambala zonsezi ndi zabodza," ndinatero.

Mwana anafufuzanso. Anati sayeza kunja, amayeza m'kati, pamene milomo ya tayala imakhala. Ndinalowetsa tepi m'kati, ndipo zoona, inakwana asanu ndi awiri. Amuna anga anaseka, kuseka kwawo kwa mbali imodzi kumene anatsala nako. Sindikudziwa ngati ankaseka ine kapena anthu opanga marimu.

Foni inanenanso kuti tayala lililonse lili ndi marimu amene limalola, kuyambira wochepa wakuti mpaka wotambalala wakuti. La 165 limafuna rimu ya mainchesi asanu kapena pafupi pomwepo. Malo ena analemba kuti likhoza kufika asanu ndi theka, ena anati asanu ndi limodzi, koma asanu ndi awiri panalibe amene analola. Rimu ya asanu ndi awiri imayambira pa tayala la 195 kupita m'tsogolo. Ndipo kuti tayala la 195 lisatalike kuposa lakale, nambala yapakati iyenera kutsika, ikhale 60.

Ndinapita nazo kwa wogulitsa matayala. Anati a 195/60 R14 alibe, ndipo ku Salima kuno sawaonaona, koma angathe kuitanitsa ku Lilongwe. Ndinafunsa ngati amenewo sadzakhula bodi. Anati mwina sadzakhula, mwina adzakhula, zimatengera nambala inanso ya pa rimu, imene imanena kuti rimuyo imatulukira kunja motani ikamangidwa.

"Palinso nambala ina?"

"Ilipo. Imayamba ndi E."

Ndinamuthokoza n'kutuluka. Pobwerera kunyumba, galimoto ikukhula pokhota paliponse, ndinaganiza zobwezeretsa marimu akale.

Kuseri kwa nyumba analipo atatu. Ndinapita kumsika kwa mlamu wanga kukafunsa yachinayi. Ndinamupeza akukazinga utaka pa mbaula yatsopano ya miyendo itatu, makala ali ngwee m'kati mwa rimu yanga.

"Alamu, mwabwera kudzaona mbaula? Ndi yabwino zedi, sidya makala."

Ndinamufotokozera. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mbaula, n'kunena kuti ngati ndikuifuna ndidikire izizire, koma wowotcherera anaiboola m'mbali kuti muzilowa mphepo. Tinaseka mpaka ogula nsomba anayamba kutiyang'ana. Anandikulungira utaka m'pepala kuti ndikawapatse achimwene ake.

Rimu ya sipeya inakhala yachinayi, ndipo galimoto inabwerera mmene inalili, yakuda miyendo, yosakhula, yosataya mpweya. Matayala awiri a 195 aja wogulitsa anavomera kuwalandiranso. Koma tsopano ndinalibe sipeya, ndipo kuyenda mumchenga wa kwathu popanda sipeya ndi munthu wodwala sindikanalola. Ndinayamba kuzungulira m'magalaja kufunafuna rimu ya 14x5J ya mabowo anayi. Ndinkalankhula nambalazo molimba mtima, amakaniko n'kumandiyang'ana modabwa. Pagalaja ina anaipeza. Ndinaitembenuza ndekha, ndinawerenga, ndinayeza ndi tepi m'kati. Zonse zinagwirizana. Atati aiyese pagalimoto, mabowo ake sanalunjike pa maboti. Awiri akalowa, awiri enawo ankaphonya.

"Mabowo anayi si onse ofanana, amayi," anatero makaniko. "Ena ndi otalikirana."

Sindinafunse kuti nambala yake imayamba ndi chilembo chanji. Ndinakhala pa chitsa chimene chinali pamenepo kwa kanthawi, kenako ndinapita. Sipeya ndinadzaipeza patapita nthawi, pa galimoto ya mtundu wathu womwewo imene inachita ngozi n'kusiyidwa kuseri kwa galaja ina.

Chovuta kuposa zonsezi chinali kumuuza mwana wa ku Joni. Ndinkazengereza. Tsiku lina Lachisanu, anthu atabwerako ku swala kumzikiti, mwanayo anaimba foni ya kanema, n'kunena kuti akufuna awaonetse anzake galimoto ya bambo ake. Ndinayenda nayo foniyo mpaka pansi pa mango, n'kuilozetsa ku matayala. Anayandikitsa nkhope pa foni.

"Abedwa?"

"Ayi, ali m'nyumba. Sanagwirizane ndi matayala athu."

"Koma ndi 14, amayi. Munandiwerengera nokha."

"Ndi 14, koma ndi otambalala mainchesi asanu ndi awiri. Athu ndi asanu."

"Wogulitsa anandiuza kuti 14 ndi 14."

Ndinayamba kumufotokozera za mamilimita ndi magawo, koma ndinaona kuti sakumvetsera. Anzake amene anali kumbuyo kwake anachokapo mmodzimmodzi. Ndinamuuza za tsiku la kwa Maganga, mwachidule, osatchula za mantha anga. Anafunsa ngati bambo ake anavulala. Ndinati ayi. Anati ndiwapatse foni.

Sindikudziwa zimene anakambirana, ngati kumeneko tingakutche kukambirana. Ndinawasiya pakhonde n'kupita kukhitchini. Ndinkamva mawu a mwanayo akulankhula nthawi yaitali, ndi a bambo ake apa ndi apo. Nditabwerako foni inali itazima, iwo ataigwira pachifuwa.

Mwanayo anakhala nthawi osaimba, ndipo mauthenga anga ankayankha ndi mawu amodzi. Kenako anayambiranso, ndipo za marimu sanazitchulenso, kupatula tsiku limodzi pamene anati ndichite nawo zimene ndikufuna. Marimuwo anakhala m'chipinda cha alendo miyezi ingapo, m'makatoni awo. Anadzawatenga ndi mwamuna wa kasitomala wanga wina wa ku Lilongwe, amene anabwera kudzatenga madiresi a ukwati. Anawatembenuza, anawerenga kuseri, anapita kukasuzumira pagalimoto yake, n'kubwera akumwetulira kuti ndi enieni amene ankafuna. Anayamba kundifotokozera za nambala ya E ija, akujambula pamchenga ndi kiyi. Ndinkagwedeza mutu mwaulemu.

Amuna anga tsopano amayenda okha mpaka kumzikiti, ndi ndodo, ndipo mawu awonjezekera, ngakhale kuti ataliatali amawavutabe. Kumafizo timapitabe mwa apo ndi apo. Ulendo wapitawu, tikudikira pabenchi, mayi wina amene amabweretsa amayi ake anandiyandikira. Anati amandiona ndikuyendetsa ndekha, ndipo iye wangogula kumene kagalimoto, matayala ake atha, koma sakudziwa kuti akagule otani. Anati anthu amuuza kuti agule okulirapo chifukwa cha misewu yathuyi.

Ndinamuuza kuti asafulumire. Ndinamuuza kuti ayambe waona kuseri kwa rimu, pali nambala ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndi yofunika ngati yoyamba. Anatulutsa cholembera. Ndinati pa tayala nambala yoyamba ndi mamilimita, yomaliza ndi mainchesi. Analemba. Anafunsa za yapakati.

"Yapakatiyo ndi magawo," ndinatero. "Mukatenga kutalika, ayi, kutambalala, n'kugawa pa 70. Ayi, pa 100. Ndiye tayala likakula, nambalayo imatsika. Kapena imayenera kutsika, kuti lisakule."

Mayiyo anasiya kulemba. Ndinayang'ana amuna anga kuti andithandize, koma iwo anali akuyang'ana pakhomo la chipinda, pamene namwino anatulukira n'kuitana amayi ake a mayi uja. Mayiyo anapinda kapepala kake, anandithokoza kwambiri, n'kuwagwira mkono amayi akewo kulowa nawo m'kati.